Pulogalamu ya Braille Izibwera ndi Buku Lake

Nkhani yokambidwa kwa aphunzitsi ndi makolo a ana osaona a m'maboma a Machinga ndi Balaka

 Ndithokoza kuti ena mwalawira mbandakucha kuchokera ku Ntaja ndi ku Nsanama, ena ku Ulongwe, kwa Phalula ndi ku Utale, kudzamva nkhani imene poimva koyamba ingaoneke yochepa, yoyenera amisiri a makompyuta okha. Nkhani yake nayi: pamene pulogalamu ya Braille iikidwa mu kompyuta ya pasukulu, kodi buku lofotokoza kagwiritsidwe ntchito kake, pamodzi ndi zithunzi zoonetsa zimene zimatuluka pa sikirini, lizilowa nayo limodzi m'kompyutamo, kapena lizisiyidwa pa intaneti kuti wolifuna akalitsate komweko? Ine ndaima pano kudzanena kuti lizilowa nayo limodzi, ndi kuti pulogalamu imene yafika yopanda buku lake sinafike yonse, ngakhale amene adaibweretsa atasainitsa mapepala onena kuti ntchito yatha.

Tiyambe tabwerera kwa mwini zilembozi. Louis Braille adabadwa m'chaka cha 1809 m'mudzi wa Coupvray ku France, mwana wa mmisiri wosoka zikopa zomangira akavalo. Ndipo ali ndi zaka 3 adadzibaya m'diso ndi chitsulo cha atate wake, nthenda nilowa m'diso linalo, kufikira maso onse awiri adazima. Pofika 1824, ali mnyamata wa zaka 15 pa sukulu ya ana osaona ya ku Paris, adali atakonza kale njira yake ya madontho 6 otumphuka, atatu kumanzere ndi atatu kumanja, amene powasinthanitsa amapereka zizindikiro 63. Koma chimene ndifuna muchisunge ndicho chimene adachita m'chaka cha 1829. Sadangogawira anzake chobowolera pepala n'kuwasiya kuti adzionere okha. Adatulutsa kabuku kofotokoza njirayo, ndipo mawu a m'kabukuko adasindikizidwa ndi zilembo wamba zotumphuka, zimene wophunzira wosaona ankatha kuzipapasa ndi chala, mphunzitsi wopenya naziwerenga ndi maso. Kuyambira pachiyambi pomwe, tsono, zilembo za Braille zidabwera ndi malangizo ake, ndipo malangizowo adalembedwera anthu awiri, wosaona ndi womuthandiza. Ngakhale zidatero, dziko la France lidazengereza kuzivomereza mpaka 1854, mwini wake atagona kale m'manda zaka 2. Ngati njira yofotokozedwa bwino chotero idadikira zaka 25, nanga pulogalamu yofika duu, yopanda mawu, idzakhazikika liti pakati pathu?

Musayese kuti okhudzidwa ndi nkhaniyi ndi owerengeka. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 735,438 m'boma la Machinga ndi 438,379 m'boma la Balaka, limene lidapatuka ku Machinga m'chaka cha 1998. Ndipo m'dziko lonse, mwa anthu a zaka 5 kupita m'tsogolo, pafupifupi mmodzi mwa 10 aliwonse adapezeka ndi ulumali, ndipo pafupifupi theka la iwowo lidatchula vuto la maso. Si onse amene saoneratu, ndipo si onse amene adzafuna Braille. Koma m'chiwerengero chotere muli ana ambiri amene mayeso a MANEB adzawapeza ndi pepala la madontho patsogolo pawo.

Aphunzitsi amene adatitsogolera m'ntchitoyi, amene adasulidwa ku Montfort ku Nguludi nakaphunzitsa ku Chilanga, ku Lulwe, ku Nkope kapena kwa Nsiyaludzu pafupi pompano, adagwira ntchito ndi zida zimene zimadzifotokoza zokha. Felemu ndi kachitsulo kake kobowolera, mwana akazigwira kamodzi, dzanja lake lili m'dzanja la mphunzitsi, amadziwa kuti alemba kuchokera kumanja kuti akatembenuza pepala awerenge kuchokera kumanzere. Makina a Perkins, amene adatuluka m'chaka cha 1951 ku America ndipo mpaka lero akulirabe m'makalasi mwathu, ali ndi mabatani 6 a madontho ndi limodzi lalikulu pakati losiyira mpata. Ukadina umamva pepala likubooka, ndipo chikalakwika umachipeza ndi chala nthawi yomweyo. Pulogalamu ya kompyuta siili choncho. Ilibe pogwira, siilira ikasokonekera, ndipo zosankha zake zimabisala m'mindandanda ya mkati mwa mindandanda ina, kotero kuti munthu wanzeru zake, wodziwa Braille kuposa amene adaipanga, angathe kukhala pamaso pake tsiku lathunthu osapeza khomo. Nzeru zimene m'makina akale zidali m'chitsulo, m'pulogalamu zili m'buku; mukachotsa bukulo mwachotsa theka la chidacho.

Mapulogalamu amene tikunenawa ali a mitundu ingapo. Alipo otembenuza zolemba wamba kuti zikhale madontho okasindikiza pa makina osindikizira Braille, ndipo wodziwika kwambiri ndi Duxbury, wa kampani imene idayamba m'chaka cha 1975. Alipo owerenga sikirini, amene amalankhula zimene zili pa kompyuta kapena kuzitumiza ku kachipangizo ka timisomali tokwera ndi kutsika pansi pa zala, monga Orbit Reader 20: wina ndi JAWS, wogulitsidwa pa mtengo wokwera, wina ndi NVDA, waulere, amene adayambidwa m'chaka cha 2006 ndi Michael Curran wa ku Australia, mnzake James Teh nadzamuthandiza, onse awiri osaona. Ndipo pansi pa NVDA ndi mapulogalamu ena ambiri pali nkhokwe ya malamulo a zilembo yotchedwa Liblouis, imene adaiyamba ndi John Boyer, munthu wosaona ndiponso wosamva. Mu nkhokwe imeneyi mudalowa tebulo la Braille ya Chichewa, ndipo kuyambira 2023 likupezeka mu NVDA. Ichi ndi chinthu chachikulu kwa ife. Koma ndifunse, ndi angati m'chipinda chino amene adauzidwa kuti lilimo, ndi kuti limasankhidwira pati?

Taganizirani mphunzitsi wa pasukulu ya kumudzi, kumene minibasi imafika kamodzi patsiku. Alendo abwera ndi laputopu ndi makina osindikizira, aikamo pulogalamu, amuonetsa kwa maola awiri, nabwerera dzuwa lisanapendeke. Sabata yotsatira iye walemba mayeso a Chichewa a Sitandade 3, wawatembenuza, wasindikiza. Mwana wayamba kuwerenga, chala chikuyenda bwino, mpaka chafika pa dzina la boma lake lomwe, Machinga, n'kuima. Chabwerera, chapapasanso, chaimanso. Chachitika n'chiyani? Pulogalamuyo idasiyidwa pa Braille yofupikitsa ya Chingerezi, m'mene zilembo c ndi h zimaphatikizidwa kukhala chizindikiro chimodzi cha madontho 1 ndi 6, ndipo i, n ndi g zimasanduka chizindikiro chimodzi cha madontho 3, 4 ndi 6. Chotero dzina la zilembo 8 lapanikizidwa m'tizipinda 5, ndipo mwana amene sadaphunzirebe zofupikitsa za Chingerezi akugwira chinthu chimene sadakumanepo nacho. Dzina la Balaka lidutsa bwinobwino, pakuti mulibe chofupikitsa. Koma Banda lipunduka, kutheka lipunduka, ndi mawu ena ochuluka. Mankhwala a vutoli ndi kusankha kumodzi kokha pa mndandanda umodzi. Mphunzitsi adina pofunsira thandizo, kompyuta itsekula tsamba loyera lonena kuti palibe intaneti. Mapepala okhuthala aja, odula ndi osowa, aonongeka. Mwana walemba mayeso mochita kumuwerengera. Ndipo pakutha pa teremu laputopu ija yafunditsidwa chitenje m'kabati ya ahedi, anthu n'kumanena kuti aphunzitsi a kumudzi sadziwa kusamala zinthu.

Sindikufuna kuwanamizira opanga mapulogalamu, pakuti ambiri a iwo ndi anthu a mtima wabwino, ena osaona ngati ana athu omwewa, ndipo amene amasiya malangizo pa intaneti ali ndi zifukwa zawo. Amati buku la pa intaneti likalakwika amalikonza tsiku lomwelo, onse nalandira kukonzako. Amati zithunzi zimalemetsa pulogalamu, wotsitsa naononga bandulo yambiri. Amatinso kusamala buku limodzi pamalo amodzi n'kopepuka kuposa kusamala makope zikwizikwi omwazikana. Zonsezi ndi zoona kwa munthu amene magetsi ndi netiweki sizimuchokera. Koma akuluakulu adati fodya wako ndi wa pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Kalembera yemwe uja wa 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 aliwonse ndiwo ankaunikira ndi magetsi. Ndipo tonse tikukumbukira Januwale wa 2022, pamene namondwe Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko nilitaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Laputopu ingathe kutchajidwa pa sola, koma tsamba la pa intaneti limafuna nsanja ya netiweki yoyaka, mayunitsi a m'thumba la mphunzitsi, ndi malo okwera poimirira. Za kulemera kwa zithunzi, yankho lake n'lapafupi: mtolo wonse utsitsidwe kamodzi ku Liwonde kapena pa Balaka, uyende pa fulashi kuchoka sukulu ina kupita ina, pakuti kulipira kamodzi kuli bwino kuposa kulipira tsiku lililonse limene funso labuka.

Palinso chifukwa china chimene sichitchulidwa kawirikawiri. Buku la pa intaneti limafotokoza pulogalamu ya chaka chino, pamene kompyuta ya pasukulu ili ndi ya zaka zitatu zapitazo, imene palibe adaikonzanso chichokereni alendo aja. Mphunzitsi akalipeza bukulo movutikira, limuuza kuti adine batani limene pa sikirini yake palibe, iye nayamba kudzikayikira yekha. Buku lolowa pamodzi ndi pulogalamu ndi la msinkhu umodzi ndi pulogalamuyo, ndipo chimene linena ndicho chimene chilipo.

Kuti zimenezi n'zotheka, umboni ulipo kale. Munthu akayamba kuika NVDA, pulogalamuyo imayamba kulankhula isanalowe n'komwe, kotero kuti wosaona amadziikira yekha popanda womugwira dzanja. Ikalowa, buku lake lonse limakhala m'kompyuta momwemo pamodzi ndi mndandanda wachidule wa mabatani. Udina Insert ndi N, upita pa thandizo, buku litseguka ngakhale uli pakati pa dambo la Chiuta. Ingathenso kuikidwa pa fulashi, wophunzira nayenda nayo m'thumba. Chimene anthu awiri osaona adachiganizira, ena onse angathe kuchiganizira.

Tsopano ndifike pa zithunzi, pamene ndikudziwa kuti ena mwa inu mwakhala mukundidikira. Mbale wanga wosaona anganene kuti, chithunzi cha sikirini chindithandiza chiyani ine? Funsoli ndi lolungama, ndipo kuwawa kumene kuli kumbuyo kwake ndi kwenikweni; pakuti ndani mwa inu sadamvepo liwu la kompyuta likuwerenga malangizo bwinobwino, kufika pa mfundo yeniyeni imene umaifuna, n'kungonena liwu limodzi lakuti pano pali chithunzi, basi, n'kupitirira? Malangizo akuti dinani pamene paloza muvi wofiira ndi chipongwe kwa munthu amene pulogalamuyo idapangidwira. Chilamulo cha Mose, m'buku la Levitiko, chidaletsa kuika chokhumudwitsa m'njira ya munthu wosaona. Ndipo chithunzi chopanda mawu, choikidwa m'buku la pulogalamu ya Braille, ndi chokhumudwitsa cha mtundu womwewo, ngakhale wochiikayo sadafune choipa.

Komabe sindivomereza kuti zithunzi zichotsedwe, ndipo chifukwa chake ndi ichi: pa sukulu zathu, amene amaika pulogalamu, kulumikiza makina osindikizira ndi kutembenuza mabuku, kawirikawiri ndi munthu wopenya. Ndi mphunzitsi woyendera amene amapalasa njinga kuzungulira sukulu zingapo. Ndi mnyamata wokonza mafoni pa msika, amene amuitana makina akakana. Ndi mlongo wake wa mwanayo, wa Fomu 2, amene amamuthandiza madzulo. Anthu amenewa Chingerezi cha makompyuta chimawapita pambali, koma akaona chithunzi cha bokosi lomwelo limene lili pamaso pawo, mzere woyenera utazunguliridwa, amazindikira msanga. Tisaiwalenso ana amene amaona pang'ono, makamaka achialubino; kalembera adapeza anthu achialubino 134,636 m'dziko muno, ndipo ambiri a iwo maso awo ndi ofooka. Boma la Machinga likudziwa bwino masautso amene anawa adutsamo, ndipo chithunzi chachikulu, chooneka bwino, chimene angachikulitse pa sikirini, ndi gawo laling'ono la ngongole imene tili nayo kwa iwo. NVDA nayo ili ndi kazenera koonetsa pa sikirini madontho amene akutuluka pansi pa zala za wophunzira, kuti mphunzitsi wopenya atsatire. Opanga ake adazindikira kuti pa kompyuta imodzi pamakhala anthu awiri.

Chofunika tsono ndi dongosolo la ulemu pakati pa mawu ndi chithunzi. Mawu atsogole, chithunzi chitsate. Sitepe iliyonse ilembedwe mokwanira, kutchula dzina la mndandanda, dzina la chosankha ndi mabatani odina pa kiyibodi, kotero kuti munthu atachotsa zithunzi zonse bukulo likhalebe lathunthu. Chithunzi chilichonse chikhale ndi mawu ake ofotokoza zimene zilimo, amene pulogalamu yowerenga sikirini iwatchule ikafikapo. Lamulo limeneli si lachilendo, pakuti ndilo lidaikidwa poyambirira m'malangizo a bungwe la W3C a 1999 okhudza masamba a intaneti. Zikatero wosaona ndi wopenya awerenga buku limodzi, pa tsamba limodzi, ndipo mwana angathe kuuza mphunzitsi wake kuti, aphunzitsi, tili pa sitepe yachinayi, m'malo modikira kuti amuchitire.

Mu mtolo womwewo muyenera kukhala zina ziwiri. Choyamba ndi kabuku kachidule kokonzedwa kale m'madontho, kongofuna kusindikiza, kuti mwana akhale nako pa desiki kompyuta isanayatsidwe. Ndikuti kachidule chifukwa Braille imadya malo: tsamba lake limatenga mizere 25 ya tizipinda pafupifupi 40, ndipo Baibulo lathunthu m'zilembozi limadzaza mabuku okwana ngati 40; choncho buku lonse la pulogalamu lingathe kukhala m'kompyuta, koma masamba ochepa a zoyambira akhale papepala. Chachiwiri ndi mawu ojambulidwa, amene angayende pa memore khadi monga momwe nyimbo ndi maulaliki zimayendera m'midzi mwathu, kuti kholo limene silidziwa kuwerenga limve chimene mwana wake akuphunzira.

Chatsala ndi chinenero, ndipo apa mpamene mlandu uchoka kwa alendo n'kubwera kwa ife. Mukukumbukira nduna ija ya ku Itiyopiya, m'buku la Machitidwe, imene idali ndi mpukutu wa mneneri Yesaya m'manja, ikuwerenga mokweza pa galeta lake, koma osamvetsa kufikira Filipo adakwera nakhala pambali pake. Buku kukhalapo si kumveka. NVDA yamasuliridwa m'zinenero zoposa 50, koma Chichewa ndi Chiyao sizili m'gulumo. Ndipo sitingayembekeze kuti opanga ake a ku Australia adzatilembera, pakuti zinenero zinazo adamasulira ndi eni ake, mongodzipereka. Khomo ndi lotsekula: chilolezo cha pulogalamuyi chimalola aliyense kuikopera, kuimasulira ndi kuigawa, ndipo dziko lathu, limene lidakhazikitsa lamulo la anthu a ulumali m'chaka cha 2012, lidalowanso m'chaka cha 2017 m'pangano la ku Marrakesh la 2013, lopeputsa ntchito yosandutsa mabuku kuti osaona awawerenge. Anthu tili nawo. Pa Machinga pali koleji yosula aphunzitsi. Ku Nguludi kuli akatswiri a Braille. Bungwe la Malawi Union of the Blind lili ndi mamembala amene amagwiritsa ntchito mapulogalamuwa tsiku ndi tsiku. Ndipo pa Balaka pomwepa pali nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort, imene yatulutsa zolemba za Chichewa kwa zaka zambiri. Mutu umodzi susenza denga, koma mitu ilipo. Sitiyenera kuyamba ndi buku lonse; masamba khumi a Chichewa chomveka, ofotokoza kuyatsa, kusankha tebulo la Chichewa, kutembenuza, kusindikiza ndi kuchita pamene makina akana, olembedwa ndi wosaona ndi wopenya atakhala pa benchi limodzi, angapulumutse makompyuta ambiri ku kabati ya ahedi.

Kwa inu ahedi, a komiti ya sukulu ndi mafumu amene mumaitanidwa kudzalandira mphatso zoterezi, pempho langa ndi ili. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo tiyenera kumulandira ndi manja awiri; koma kufunsa si kunyoza mphatso. Musanasaine pepala, pemphani kuti intaneti izimitsidwe, foni ya mlendoyo ichotsedwe pa kompyuta. Kenaka mwana wosaona akhale pampando, atsekule yekha buku la malangizo, apeze pamene pafotokozedwa za tebulo la Chichewa. Mphunzitsi wake ayang'ane chithunzi, aone ngati chikufanana ndi zimene zili pa sikirini. Asindikize tsamba limodzi lokhala ndi dzina la Machinga, mwanayo aliwerenge mokweza pamaso pa onse. Zikatheka, sainani ndi kuthokoza. Zikakanika, muuzeni mlendoyo mwaulemu kuti katundu wina watsalira m'njira, ndipo mudzasaina tsiku limene adzabwere naye.